Bayleaf: nyumba ya pa famu imene inasamuka itatha zaka zoposa 500

Mu 1968, kampani ya madzi ya East Surrey Water Company inali kalikiliki kumanga damu lalikulu pa Bough Beech, kumadzulo kwa chigawo cha Kent ku England. Matauni a kum'mwera kwa London ankakula, mipopi inkafuna madzi, ndipo chigwa chimene anasankha chinali ndi minda, tinkhalango ndi nyumba zingapo za alimi. Imodzi mwa nyumbazo inali Bayleaf, m'dera la Chiddingstone. Ikanakhala ya njerwa ndi simenti bwenzi nkhani yake itathera pomwepo, chimakina chitaigumula tsiku limodzi. Koma felemu yake inali ya mitengo ya oak yogwirizanitsidwa ndi zikhomo zamtengo. Amisiri anaika nambala pa mtengo uliwonse, anagogoda zikhomo zija mpaka zinatuluka, nyumba n'kumasuka mtanda umodziumodzi. Anaikweza pa lole n'kupita nayo ku Singleton, pafupi ndi Chichester ku West Sussex, mtunda woposa makilomita 60. Mu 1972 inaimanso, ndipo ilipo mpaka lero pamalo osungirako nyumba zakale a Weald and Downland Living Museum.

Anthu amaikamba nkhaniyi ngati ya chipulumutso chokhachokha. Inenso nyumbayi imandisangalatsa, komabe pali chimene chimanditsalira pakhosi. Nyumba imene anaimanga ku Singleton siyofanana ndi imene anaiphwasula ku Kent, ndipo kusiyanako kunachita kusankhidwa ndi anthu. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona mmene inamangidwira.

Akatswiri owerenga mizere ya m'kati mwa mtengo anapeza kuti mitengo ya mbali yakale kwambiri ya Bayleaf inadulidwa pakati pa 1405 ndi 1430. Mtengo wa oak umawonjezera mzere umodzi wozungulira chaka chilichonse, wotakata pa chaka chabwino, wopyapyala pa chaka chovuta. Mitengo ya dera limodzi imafanana kasanjidwe ka mizereyi, choncho akaboola mtanda n'kutulutsamo kachidutswa kotalika ngati pensulo, amakayerekeza ndi kasanjidwe kodziwika kale n'kudziwa zaka zimene mtengowo unakula. Chowathandiza n'chakuti amisiri a nthawi imeneyo sankadikira kuti mtengo uume. Ankaugwetsa, kawirikawiri nyengo yozizira, n'kuyamba kuusema ukadali wauwisi. Chaka chodula ndi chaka chomanga sizinkatalikirana.

Kusema mtengo wauwisi kunali ndi zifukwa zake. Oak akauma amabunthitsa nkhwangwa, pamene wauwisi amalola kasemasema ndi tchizulo. Akamauma ali kale m'nyumba amafota pang'ono, amapotoka, amang'aluka m'litali mwake, koma kulimba kwake kumangowonjezeka. N'chifukwa chake m'nyumba zimenezi simupeza ngodya yowongoka, ndipo mpira mukauika pansi m'chipinda cham'mwamba umadzigubudukira wokha. Ming'alu ikuluikulu imene alendo amaiona pa mitanda n'kumagwidwa nayo nthumanzi nthawi zambiri inang'aluka zaka zoyambirira zomwe, n'kulekera pomwepo.

Felemu yonse ilibe msomali wachitsulo. Chitsulo chinali chodula, komanso oak ali ndi madzi owawa amene amadyetsa chitsulo dzimbiri. Pofuna kulumikiza mitengo iwiri, mmisiri ankajoba chibowo chamakona anayi pa umodzi, n'kusema lilime kunsonga kwa winawo, lilimelo n'kulowa m'chibowomo. Kenaka ankaboola kabowo kopingasa kolowetsamo chikhomo. Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa anthu amenewa. Kabowo ka pa lilime sankakaboola molunjikana ndi ka pa mtengo winawo. Ankakasendeza pang'ono chabe, mamilimita awiri kapena atatu, kuti chikhomo chosongoka chikamalowa chizikoka lilime lija m'kati, mitengo iwiriyo n'kupanana zolimba popanda guluu. Chikhomocho sankachicheka ndi sowo, ankachiwaza motsatira ulusi wa mtengo kuti chithe kupindika pang'ono m'katimo osathyoka. Mukakhala pafupi ndi nsanamira za Bayleaf mumaona mitu ya zikhomozi itatuluka pang'ono, iwiriiwiri kapena umodziumodzi, ndipo munthu wodziwa akangoiona amadziwa pamene pali lilime lobisika.

Chinanso n'chakuti nyumba yotereyi inkayamba kumangidwa pabwalo la mmisiri, chogona pansi. Khoma lililonse ankaliyala pathyathyathya, n'kusema malumikizidwe ake onse, kuliyesa, kenaka kulimasula kuti alinyamule pa ngolo kupita kumene nyumba ikaime. Poti mitengo inali yokhotakhota, lilime lililonse linkakwana m'chibowo chake chokha. Ndiye ankalemba zizindikiro ndi tchizulo kapena kampeni kapadera, manambala a Chiroma: III apa, III pa mnzake, ena okhala ndi kamchira kosonyeza khoma lakumaso kapena lakumbuyo. Pa mitanda ya nyumba zambiri za ku Kent ndi Sussex zizindikirozi zikuonekabe. Choncho amisiri a mu 1968 ankangobwerera chafutambuyo m'njira imene anzawo a m'ma 1400 anadzera. Nyumbayo inali itakwerapo kale ngolo kamodzi isanakhalemo munthu.

Maonekedwe a Bayleaf ndi a mtundu umene akatswiri amautchula dzina la dera lake, Weald, dera la dothi lamakande ndi nkhalango za oak pakati pa Kent, Sussex ndi Surrey. Nyumba za mtundu umenewu zilipo mazana angapo, zambiri za pakati pa 1380 ndi kumayambiriro kwa 1500. Mukaima kumaso kwake mumaona denga limodzi lalitali la matailosi adothi, lotsetsereka mbali zonse zinayi. Pansi pa dengalo nyumba yagawika patatu. Kumapeto konse kuwiri ndi yosanja, ndipo chipinda cham'mwamba chatuluka kunja pang'ono kupitirira cham'munsi, chokhala pansonga za mitanda. Pakati palibe kusanja, khoma labwerera m'kati, ndiye mtanda wonyamula denga umadutsa pamenepo uli lende, wochirikizidwa ndi mitengo iwiri yokhota ngati uta yochokera ku mapiko awiri aja. Kutulutsa chipinda cham'mwamba kumawonjezera malo pang'ono ndiponso kumateteza khoma lam'munsi ku mvula, koma tisanamizane, pa famu pamene malo ali mbwee, chachikulu chinali kudzionetsa. Kunali kumanga kwa m'tauni kobwera nako kumudzi kuti wodutsa pamsewu adziwe kuti pano pali munthu.

Anthu ake sanali mafumu kapena eni nyumba zachifumu. Mliri wa 1348 ndi 1349 unapha mwina munthu mmodzi pa atatu alionse ku England, mwinanso kuposa apo. Otsalawo anapeza minda yambiri yopanda wolima, lendi inatsika, malipiro a aganyu anakwera, ndipo patapita mibadwo iwiri panali gulu la alimi opezako bwino amene ankatha kulipira kalipentala weniweni. Ku Weald kunalinso ndalama za ng'ombe, matabwa, nsalu zaubweya ndi zitsulo. Zikalata za m'zaka za m'ma 1500 zimatchula mlimi wina, Thomas Wells, amene ankakhala m'Bayleaf akulima maekala pafupifupi 100 a lendi.

Mukalowa pakhomo mumapezeka m'kanjira kodutsa nyumba yonse mpaka khomo lakuseri. Mbali imodzi kuli timakomo tiwiri ta zipinda zosungiramo zinthu, china cha mowa ndi zakumwa, china cha buledi ndi zakudya zouma. Mbali inayo ndiye holo, chipinda chachikulu chopanda siling'i, chotseguka kuchokera pansi mpaka kumapaso. Moto umayaka pakati, pansi. Chumuni palibe. Utsi umakwera wokha, umazungulira m'dengamo n'kumatulukira m'mipata ya matailosi. Pamwamba pa mtanda waukulu wopingasa holoyo paima kansanamira kosemedwa bwino, kokhala ndi timikono tofalikira m'mwamba, konyamula mtanda wautali umene wagwira mapaso onse. Kansanamira kameneka kali pamalo pamene mlendo aliyense ankakweza maso, n'chifukwa chake mmisiri ankakasamalira kuposa mitengo ina. Kumtunda kwa holo kuli benchi ndi tebulo la mwini nyumba, kutali ndi mphepo ya pakhomo. Antchito ankakhala chakumunsi. Aliyense ankadziwa malo ake pongoona pamene moto uli.

Mawindo alibe magalasi. Pali timitengo toimirira totchinga kuti munthu asalowe, ndi zitseko zamatabwa zokankha m'ngalande yosemedwa pa mtanda. Mukatseka mumakhala mumdima ndi utsi, mukatsegula mumakhala m'mphepo. Ndinaimamo tsiku lina la mu Novembala moto ukuyaka, ndipo kumaso kunkatentha pamene msana unkachita kuuma ndi chisanu. Zovala zinanunkha utsi mpaka kunyumba. M'chipinda chogona cham'mwamba muli kanthu kamene ana asukulu amathamangirako: kachimbudzi kamatabwa kolendewera kunja kwa khoma, kabowo kake kolunjika pansi. Kachimbudzi kenikeniko kanatha kalekale. Amisiri anapeza zibowo zopanda kanthu pa felemu pamalo pamenepo, n'kuwerenga kuchokera pa zibowozo kukula ndi kaimidwe ka chimene chinalipo.

Makoma akewo sangadabwitse aliyense amene anagonapo m'nyumba ya nsichi ndi mbalo yomata ndi dothi. Pakati pa mitengo ya felemu ankaimika timitengo ta oak, nsonga yam'mwamba m'kabowo, yam'munsi m'ngalande, n'kulukapo ndodo zofewa za mtengo wa hazel ngati akuluka nkhokwe. Kenaka ankamata mbali zonse ziwiri ndi dothi lopondedwa pamodzi ndi udzu ndi ndowe, pomaliza n'kupaka laimu. Kusiyana kwake kuli pansi. Nsichi zathu timazizika m'nthaka, m'mene chinyontho ndi chiswe zimayambira ntchito. Angerezi nawonso ankazika choncho, nyumba zawo n'kumaola m'badwo umodzi usanathe, mpaka cha m'ma 1200 pamene anayamba kumanga kakhoma kakafupi kamiyala, kugoneka mtanda pamwamba pake, nsanamira zonse n'kuima pa mtandawo. Mtengo unasiyana ndi dothi. Nyumba zamatabwa za alimi zimene zatsala ku England pafupifupi zonse ndi za pambuyo pa kusintha kumeneku.

Apa ndikambeko za mtundu. Zithunzi za pa makalendala zinatizoloweza kuti nyumba zakale za ku England ndi za mitengo yakuda bii ndi makoma oyera mbee. Zambiri mwa zimenezo ndi fashoni ya m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu ankapaka phula kapena penti wakuda. Oak wosiyidwa yekha amatuwa ngati phulusa, ndipo ndi mmene Bayleaf ikuonekera. Pafupi pomwepo pali nyumba ina yochokera ku North Cray imene mitengo yake ndi yofiira, chifukwa amisiri anapeza zotsalira za utoto wofiira pa felemu yake yakale.

Tsopano tifike pa chonditsalira pakhosi chija. Nyumba yokhalamo anthu siikhala mmene anaisiyira mmisiri. Mbali yakumtunda ya Bayleaf inamangidwanso patapita zaka pafupifupi 100 kuchokera pamene holo inaima. Kenaka anthu anatopa ndi utsi. M'busa wina wa ku Radwinter ku Essex, William Harrison, analemba mu 1577 kuti nkhalamba za m'mudzi mwake zinkadabwa ndi kuchuluka kwa machumuni amene anali atangomangidwa kumene, poti paubwana wawo ankapezeka awiri kapena atatu mudzi wonse. Bayleaf inatsatira njira yomweyo. Anayala mitanda pakati pa holo kuti pakhale chipinda china m'mwamba, ndipo mu 1636 anamanga chumuni cha njerwa. Mapaso okutidwa ndi mwaye anabisika kuseri kwa siling'i. Mibadwo yotsatira inaika magalasi, inagawa zipinda, inamata apa n'kutsegula apo. Umo ndi mmene nyumbayi inakhalira zaka zoposa 300, nthawi yotalika kuposa imene inakhala ndi moto wapakati.

Pomanganso ku Singleton, zonsezo anazisiya. Chumuni cha 1636 sichinamangidwe, chipinda chapamwamba pa holo sichinabwezeretsedwe, mawindo anabwerera kukhala opanda magalasi. Pamene mtengo wakale unasowa anaikapo watsopano motsatira zibowo zimene zinatsala. M'katimo anaikamo mipando, mabedi ndi ziwiya zopangidwa motengera za cha m'ma 1540, zambiri zosemedwa ndi Roger Champion, kalipentala wamkulu wa pamalopo kwa zaka zambiri. Panja anaikapo munda wa ndiwo ndi zitsamba zamankhwala, komanso barani yosungiramo zokolola ya 1536 yochokera ku Cowfold, imene sinakhalepo pafupi ndi Bayleaf m'moyo wake woyamba. Chimene mlendo amaona lero ndi famu yosonkhanitsidwa mwaluso, yoona pa mfundo iliyonse payokhapayokha, koma yoti palibe mlimi anaionapo yonse pamodzi chomwechi.

Pali anthu ku England amene zimenezi amaziona ngati tchimo. Mu 1877 William Morris, mlembi ndi katswiri wa zaluso, ndi anzake, mmodzi mwa iwo katswiri wojambula mapulani Philip Webb, anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings chifukwa chokwiya ndi mmene matchalitchi akale ankawapalira ndi kuwamanganso kuti aoneke ngati a nthawi imene wokonzayo ankaikonda. Mfundo yawo inali yakuti zonse zimene mibadwo yawonjezera pa nyumba ndi mbiri yake, ndiye wokonza azingochirikiza pofooka, kutseka podontha, osabwezera nyumba m'mbuyo mongoganizira. Bungweli lilipobe, ndipo silikonda kuti nyumba ichotsedwe pamalo ake, poti nyumba ya pa famu imamveka bwino ikakhala ndi munda wake, chitsime chake ndi msewu umene inayang'ana. Ndimagwirizana nawo kwambiri. Mayi amene anaphika pa chumuni cha 1636 chija anali mwini Bayleaf chimodzimodzi ndi amene anasonkha moto pakati pa holo, koma iye ku Singleton kulibe chake.

Komabe mu 1968 panalibe woti asankhe pakati pa kusiya nyumba pamalo ake ndi kuisamutsa. Damu linali litavomerezedwa kale. Roy Armstrong, mphunzitsi wa mbiri yakale amene anayambitsa myuziyamuyi mu 1967, anali ataona nyumba zamatabwa zikugwetsedwa motsatizana pomanga tauni yatsopano ya Crawley ndi pokuza misewu, zina eni ake osadziwa n'komwe kuti kuseri kwa pulasitala kuli felemu ya m'ma 1400. Maganizo osonkhanitsa nyumba zakale pamalo amodzi anali atayamba kale ku Skansen, ku Stockholm, mu 1891. Malo anaperekedwa kuchokera ku esiteti ya West Dean ya munthu wina wachuma, Edward James, ndipo zipata zinatsegulidwa mu 1970. Lamulo lawo mpaka lero n'lakuti amatenga nyumba yokhayo imene palibenso njira yoipulumutsira pamene ili.

Nanga boma linali kuti? Kaundula wa nyumba zofunika kutetezedwa anayamba ndi malamulo a 1944 ndi 1947, mabomba a nkhondo ataonetsa kuti palibe amene ankadziwa zimene dziko linali nazo. Koma kwa zaka 20 zoyambirira kaundulayo analibe mano. Mwini nyumba ankangopereka chidziwitso kuti akufuna kugwetsa, ndipo khonsolo ikapanda kuchitapo kanthu nthawi yake isanathe, ankagwetsa. Lamulo lofuna chilolezo chenicheni linabwera mu 1968, chaka chomwe Bayleaf inaphwasulidwa. Komanso olemba kaundula oyambirira ankaona kwambiri nyumba zikuluzikulu, ndipo za pa famu zovala njerwa kumaso ankazidutsa. Zambiri zinalowa m'kaundula m'zaka za m'ma 1980, boma litachita manyazi ndi kugwetsedwa kwa fakitale ya Firestone ku London mu 1980, pa mapeto a sabata, kutatsala pang'ono kuti ilembedwe. Nduna ya nthawi imeneyo, Michael Heseltine, inalamula kuti kalembera achitikenso mwachangu dziko lonse.

Lero lamulo logwira ntchito ndi la 1990, ndipo bungwe lolangiza boma ndi Historic England. Nyumba zili m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu lomalizali. Nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700 imene sinasinthike kwambiri imakhala pafupifupi yolowa kale. Chitetezocho chimakhudza nyumba yonse, kunja ndi m'kati. Kusintha chinthu chokhudza ukale wake popanda chilolezo ndi mlandu, chindapusa chake chilibe malire ndipo munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka ziwiri. Chochititsa chidwi n'chakuti lamuloli limatsatira maganizo a Morris. Munthu amene lero ali ndi nyumba ngati Bayleaf atapita kukhonsolo kukapempha kuti agwetse chumuni cha m'ma 1600 pofuna kubwezeretsa holo yakale, angamubweze pakhomo pomwepo.

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo kuno ku England timalowa m'nyumba zimenezi tsiku ndi tsiku, tikuwerama pa makomo aafupi ndi kukwera masitepe opapatiza titanyamula beseni. Agogo ena amene ndinkawasamalira m'mudzi wina ku Sussex ankakhala m'nyumba ya Grade II, ya felemu ya oak. Pakona ina ya chipinda chochezera pankamveka fungo la chinyontho chaka chonse. Mmisiri wodziwa nyumba zakale atabwera anagogoda khoma kunja n'kugwedeza mutu. Zaka zambiri m'mbuyomo wina anali atachotsa dothi lomata lija pakhoma limenelo n'kuikapo simenti, pamwamba pake penti wonyezimira. Mmisiriyo analowetsa sikuludiraiva mu mtanda wam'munsi, ndipo inalowa mpaka chigwiriro, potuluka n'kubwera ndi zinthu zonga fodya wonyowa.

Anatifotokozera chifukwa chake tili chiimire panja pomwepo. Dothi ndi laimu zimamwa madzi mvula ikagwa, dzuwa ndi mphepo zikabwera n'kuwatulutsanso, ndipo felemu ikasuntha pang'ono nazonso zimatsatira. Simenti siisuntha. Mtengo ukafota nyengo yotentha pamatseguka kamng'alu kosaoneka pakati pa simenti ndi mtengo, mvula imalowa, potulukira palibe, madziwo n'kutsikira pa mtanda wam'munsi. Mtengo ukayamba kuola ndiye pamabwera kachirombo kofumbwa oak, kamene pa nyengo yake yokwerana kamagogoda mutu pa mtengo n'kumamveka usiku kuti ti-ti-ti. Anthu amathamangira mankhwala opopera, koma kachiromboka sikalimbana ndi oak wouma bwino. Mukachotsa chinyontho mwakachotsera chakudya.

Agogo aja anafunsa mtengo wake, ndipo atamva anakhala kaye phee. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, boma silithandizako poti ndi lomwe linailemba nyumbayi?" Anaseka. "Mwana wanga, boma linandipatsa ulemu, bilu linandisiyira ine." Ndi zoona. Thandizo la ndalama kwa eni nyumba za Grade II n'losowa kwambiri. Ntchito yokonza nyumba yakale imalipira msonkho wa VAT wa 20 pa 100, pamene kumanga nyumba yatsopano sikulipira, ndipo kuchotsera kumene kunalipo pa ntchito zovomerezeka zosintha nyumba za m'kaundula kunathetsedwa mu 2012. Lamulo limaletsa kuwononga ndi manja, koma kuwononga pongokhala osakonza limakulephera kwambiri. Khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti nyumba ikonzedwe, koma siikonda kuzigwiritsa ntchito chifukwa mapeto ake ingadzapezeke ikugula nyumbayo.

Ntchitoyo itachitika ndinaionera ndikudutsa. Anachirikiza khoma ndi majeki, anacheka mbali yoola yokha ya mtanda, pafupifupi mita imodzi ndi theka, n'kusema oak watsopano wolumikiza mopendeka kuti zigwirane ndi wakale, zikhomo n'kukhoma. Nsanamira imodzi anaidula phazi lokha n'kuiika latsopano. Sanaudetse mtengo watsopanowo kuti ufanane ndi wakale. Anausiya wachikasu, kuti wobwera m'tsogolo adzadziwe pamene panadutsa dzanja lina. Simenti inachoka, anamatanso ndi dothi ndi laimu. Mnyamata amene ankathandiza anandiuza kuti kusema malumikizidwe amenewa anakaphunzira ku Singleton.

Pamenepa ndi pamene ndimaikhululukira Bayleaf. Nyumba ikaphwasulidwa mtengo umodziumodzi, amisiri amaona zimene wokonza wamba sangazione: m'kati mwa lilime, dongosolo limene mitengo inaimikidwira, pamene mmisiri wakale analakwitsa n'kubisa. Richard Harris, amene anatsogolera kafukufuku pa myuziyamuyi zaka zambiri, anajambula ndi kufotokoza zinthu zimenezi mwanjira yoti kalipentala wamba azimve. Mu 2002 myuziyamuyi inatsegula nyumba yaikulu yogwiriramo ntchito, Downland Gridshell, nayonso ya timatabwa ta oak topindidwa, mmene amakonzeramo mafelemu ndi kuphunzitsa. Ndiponso munthu amene waimapo m'holo ya Bayleaf n'kuona utsi ukukwera, akadzakwera m'denga la nyumba yake n'kupeza mapaso akuda ndi mwaye sangawatsuke kapena kuwataya. Amadziwa kuti pansi pakepo panali holo. Nyumba imodzi inavulidwa zaka 400 za mbiri yake, ndipo mazana a zinzake zimene zidakali m'midzi zinayamba kumvetsetseka.

Ngakhale zili choncho, kusankha chaka chimodzi cha nyumba n'kutaya zina zonse kuli ndi ngozi yake, ndipo umboni uli pomwepo. Kanyumba ka Winkhurst, kochokeranso ku Bough Beech, anayamba akamanga ngati nyumba yokhalamo payokha. Patapita zaka anazindikira kuti kanali khitchini ya nyumba ina yaikulu, moti anakamasulanso n'kukaimika pena, pafupi ndi Bayleaf, pamene lero amaphikiramo zakudya za nthawi imeneyo. Mwayi wake n'ngwakuti felemu imalola kumasulidwa kachiwiri. Njerwa za chumuni zimene zinasiyidwa ku Kent sizingaitanidwenso.

Myuziyamuyo inasintha kachitidwe. Mu 1992, pomanga siteshoni ya sitima zodutsa pansi pa nyanja kupita ku France, nyumba ya pa famu ya Longport ku Newington, pafupi ndi Folkestone, inapezeka m'njira. Anaiphwasula mosamala kwambiri, njerwa ndi miyala yomwe akuzilemba manambala, ndipo anaimanganso ndi zonse zimene inali nazo: mbali ya m'ma 1500, zowonjezera za m'ma 1600, njerwa zimene mibadwo yotsatira inaveka kumaso, mpaka za cha m'ma 1900. Kuiona kwake siikopa ngati Bayleaf. Ndi yosakanikirana, miyala apa, matabwa apo, njerwa mbali inayo, ndipo alendo ambiri amaidutsa mofulumira akufunsa njira ya ku nyumba ya moto wapakati. Mukadzafikako mudzaizungulire pang'onopang'ono, mukuyang'ana pamene khoma lina lakumana ndi linzake, mudzayese kuloza kuti linayamba kumangidwa ndi liti.